Kuperekeza Adadi ku Chipululu

Nyumba imene ndinakuliramo ku Ilford inali pamwamba pa shopu yokazinga nkhuku, ndiye chilichonse chathu chinkamveka fungo la mafuta: makatani, mayunifomu a amami, ngakhale mabuku anga a kusukulu. Panali kamalo kamodzi kokha kamene kankanunkhira mosiyana. Pawindo la kukhitchini pankakhala mphika wadothi, ndipo adadi akathiramo madzi Lamlungu m'mawa, munkatuluka kafungo ka nthaka youma imene yangolawa mvula yoyamba. Ine mvula yoyamba ya kumudzi ndinali ndisanaionepo, koma adadi ankati fungo lake ndi lomwelo. Ndinkakwera pampando n'kuika mphuno pafupi, iwo atandigwira kolala kumbuyo kuti ndisagunde minga.

Mumphikamo munali dolofiya. Kusukulu ankati kakitasi, koma adadi dzina limenelo sankalifuna. Sanali wokongola ayi. Masamba ake anali okhuthala ngati zikhatho zosanjikizana, pena ndi pena pali zipsera zofiirira. Minga yake ikuluikulu sinali yoopsa chifukwa umaiona. Yoopsa inali ina yaing'onoing'ono ngati ubweya, imene imalowa pakhungu mwakachetechete. Adadi anabadwira pafamu ya ng'ombe kufupi ndi Bulawayo, kumene agogo anga anakagwira ntchito kuchokera ku Dedza, ndipo ankati kumeneko dolofiya ndiye anali mpanda wa nyumba za antchito, zipatso zake ndiye maswiti a ana. Tsamba loyamba anachita kupempha kwa mnzawo wa kutchalitchi, n'kulidzala, n'kulisamala zaka zonse za ubwana wanga. Masiku athu obadwa ankatha kuwaiwala, koma dolofiya sanamuiwalepo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinabadwira konkuno ku London, ndipo Chichewa changa chinali cha kukhitchini: idya, tseka chitseko, wasamba kodi, usandiyankhe. Ndinkamva zambiri koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo mawu amene sindinkawadziwa ndinkangowapatsa tanthauzo londikomera. Mkulu wanga Ulemu anali wosiyana nane. Iye anabwera kuno atayamba kale sukulu ku Blantyre, kumene adadi ndi amami anakumana, ndiye akuluakulu akayamba kulankhula mokuluwika iye ankatola zonse. Nthawi imeneyo anali mtsikana wa kusekondale, tizingwe ta nyimbo tili m'makutu tsiku lonse, nkhope ngati wina wamudyera ndiwo.

Teremu yomaliza ya chaka chimenecho aphunzitsi anatiphunzitsa za zipululu, ndipo ine ndinapenga nazo. Ndinkabwera kunyumba ndi buku la kulaibulale lokhala ndi zithunzi za makakitasi aatali kuposa munthu, otukula manja m'mwamba ngati m'busa akudalitsa mpingo, ndi abuluzi okhala ndi minga pamsana. Anzanga ankatchula maiko amene adzapiteko pa holide, ine n'kumasowa chonena. Tsiku lina madzulo adadi anasuzumira m'bukulo akuvula nsapato za kuntchito, n'kunena kuti munthu safunika ndege kuti aone chipululu. Ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Romford, ndipo anati nkhalamba ina kumeneko inawauza kuti England ali nacho chipululu chake, kunsonga kwa Kent, kumalo otchedwa Dungeness. "Sukulu ikatsekera tipita," anatero. M'mawa mwake kalasi yonse inali itamva, pakuti ine pakamwa panga sipankagona nkhani.

Zimene sindinkadziwa, ndinene pompano, n'zakuti adadi njira ya ku Kent ankaidziwa kale. Kwa miyezi ingapo ankatenga mashifiti ena a Loweruka ndi Lamlungu kumeneko, ndipo anali atapezako mayi wina. Amami ankadziwa, Ulemu ankadziwa, theka la tchalitchi linkadziwa. Ine ndinkangoona kuti adadi akugona pasofa chifukwa cha msana, ndi kuti amami akuwaikira chakudya patebulo mwaulemu wonse koma osawayang'ana kumaso. Nyumba imene anthu akukangana mwana amaizindikira. Yathu inali yachete, yosesedwa bwino, ndipo aliyense ankati zikomo. Kunja kunkatentha, mawindo ali otsegula, ndipo phokoso la mabasi ndi la anyamata a kushopu ya nkhuku ndi limene linkamveka m'zipinda mwathu.

Loweruka lina masana ndinali pansi pa tebulo kukhitchini, kumene ndinkakonda kuwerengera chifukwa kunkazizirira. Amami ankasita, adadi ataima pawindo. Sanadziwe kuti ndilipo, kapena anaiwala kuti ndimamva. Adadi anati akhoza kungokwera sitima, palibe chifukwa chovutitsira anthu. Amami anaika nsimbi pansi.

"Simuchoka m'nyumba muno ngati mbava, bambo a Ulemu. Tikuperekezani, ine ndi ana."

"Nanga Zione?" anafunsa adadi, kunena ine.

"Si munamulonjeza chipululu? Mukamuonetse chipululu chakecho."

Pa zonsezo ine ndinatolapo mawu awiri okha, la chipululu ndi lina lachilendolo. Za mbava ndinkaganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Ndinakapeza Ulemu atagona chagada pabedi, ndinamuzula kachingwe kamodzi m'khutu, n'kumufunsa kuti kuperekeza n'kutani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo lero ndimadziwa kuti ankasankha chondiuza. "Kupita naye limodzi munthu," anatero, n'kubwezera kachingwe kake. Sananame. Anangondipatsa theka la mawuwo, theka linalo n'kusunga.

Chopweteka n'chakuti mwambowo ndinkauona pafupifupi sabata iliyonse, kungoti sindinkadziwa dzina lake. Alendo akabwera kwathu pochokera kutchalitchi, amami sankawasiyira pakhomo ngati mmene aneba athu achizungu ankachitira. Ankavala masilipasi, kuwanyamulira chikwama, kutsika nawo masitepe, n'kuyenda nawo akucheza mpaka pakona pamene panali sitolo ya ndiwo zamasamba. Pamenepo ankaima, kubweza chikwama kwa mwini wake, n'kunena kuti, "Ife tibwerera pano." Masiku ena ndinkawatsatira, masiku ena ndinkawaonera pawindo akubwerera okha, manja ali kumbuyo.

Sukulu itatsekera, masiku anayamba kuyenda ngati bilimankhwe. Ndinkadzuka n'kufunsa ngati ndi lero, amami n'kuyankha kuti tidikire rota, ndandanda ya masiku awo a ntchito kuchipatala. Ndinkayeserera kupirira ludzu, ndinkayenda opanda nsapato pasimenti yotentha kuseri kwa shopu kuti mapazi azolowere. Ndinayesereranso chinthu china. Kutchalitchi kwathu, kumene tinkakumana muholo ya sukulu ina, azimayi ankandiseka chifukwa cha Chingerezi changa n'kumanditcha mzungu wawo. Ndinaganiza zowadabwitsa. Ndinakonza chiganizo chimodzi chathunthu cha Chichewa, n'kumachibwereza pagalasi la kubafa mpaka lilime linafewa.

Mwayi unapezeka Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, pa nthawi ya tiyi ndi mandasi. Ambiri mwa azimayiwo anali anamwino ngati amami, ena atangoweruka kumene, maso ali ofiira ndi tulo. Mayi wina wachikulire amene tonse tinkawatcha Anti Nabanda anandikoka dzanja. "Nanga holide ino mukupita kuti, mzungu wathu?"

Ndinaima chowongoka, n'kuyankha mokweza kuti onse amve: "Tikukawaperekeza adadi ku chipululu."

Ndinkayembekezera kuti aombera m'manja. Palibe amene anaombera. Supuni imene inkatakasa shuga m'kapu inaima. Anti Nabanda anandisisita mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana uyu," mayi wina n'kuyamba kufunafuna chinachake m'chikwama mwake. Amami anali pasinki akutsuka makapu. Sanatembenuke, koma ndinaona msana wawo ukuuma. Ine ndinangoti ndalakwitsa katchulidwe, ndiye m'basi pobwerera ndinkabwereza mawu aja chamumtima, kufuna kupeza pamene lilime langa linaterereka.

Tsiku la ulendo amami analawirira kukonza kamba ngati tikupita ku Dedza: nkhuku, mpunga, mandasi, mazira owiritsa, tiyi m'fulasiki. Anavala diresi lawo la kutchalitchi ndi duku. Ine ndinavala chipewa cha dzuwa ndi kabudula, botolo la madzi nditalikoloweka m'khosi, chifukwa buku linkati m'chipululu chimene chimapha ndi ludzu. Tikutsitsa katundu ndinaona kuti buti ya galimoto yadzaza ndi zinthu za munthu mmodzi: masutikesi awiri, chikwama chachikulu cha mizeremizere, suti yakuda, jekete la nyengo yozizira. Ndinafunsa za jeketelo. Adadi anati m'chipululu usiku kumazizira, ndipo buku langa linkanenanso zomwezo. Pomaliza anatsika ndi dolofiya atamukulunga m'nyuzipepala. Zimenezi ndinazimvetsa ndekha osafunsa munthu: ankapita naye kukaona abale ake.

Amami ndi amene ankayendetsa, pakuti galimoto inali yawo. Adadi anakhala pambali pawo, mphika uli pakati pa miyendo. Tinadutsa Romford dzuwa likuyamba kuluma, mipando ikumata kuntchafu, fungo la nkhuku likudzaza galimoto yonse. Pamlatho wautali wa ku Dartford ndinaona mtsinje wa Thames uli pansi penipeni, wamatope, wotambalala kuposa mmene ndinkaudziwira. Titawoloka, adadi anatembenuka n'kuyamba kundisimbira za nyama za kwawo: nungu imene imasiya minga yake panjira, ng'azi zoba mazira, zinkhanira zogona m'nsapato, ndi fulu amene anamusunga m'khola la nkhuku ali mwana mpaka anawathawa. Anali katswiri posimba nkhani adadi, ndipo tsiku limenelo anachita kuposa masiku onse. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ulemu anatsamira galasi maso ali otseka, tizingwe tili m'makutu, koma ndinaona kuti kumapeto kwake kunali lende, osalumikiza ku foni. Amami anagwira chiwongolero ndi manja awiri njira yonse, ndipo mawu okha amene ananena anali ofunsa ngati pali wofuna kuchimbudzi.

Titasiya msewu waukulu dziko linakhala lathyathyathya. Tinadutsa nkhosa, ngalande za madzi, ndi timatchalitchi toima tokha pakati pa minda. Kenako mitengo inatha, udzu unayamba kuchepa, ine n'kumadikira mchenga.

Chipululu cha adadi chinali miyala. Timiyala tobulungira, totuwa ndi tofiirira, kuyambira pamapazi ako mpaka pamene maso alekera, kuseri kwake kuli nyanja yotuwanso. Panali tinyumba takuda tamatabwa tomwazikana uku ndi uku, mabwato ovunda, zitsulo zadzimbiri, nsanja ziwiri zounikira zombo, ndi chinyumba chachikulu chopangira magetsi chimene chinkalira chapansipansi osalekeza. Mphepo inandilanda chipewa ndisanatseke n'komwe chitseko. Dzuwa la ku Romford linali litatsalira kumbuyo, ndipo miyendo yanga inachita tsemwe. Kunkamveka fungo la mchere ndi nsomba. Ndinayang'ana mbali zonse, kakitasi ngakhale mmodzi panalibe, ndipo misozi inayamba kulengeza.

Adadi anaona. Anavula juzi yawo n'kundiveka, yonunkhira sopo wa kuntchito ndi mafuta a tsitsi, anandigwira dzanja, n'kunena kuti chipululu sichionetsa zake kwa munthu wothamanga. Tinayenda awiriwiri, miyala ikulira pansi pa nsapato ndi kutitereretsa. Anandionetsa zomera zangati kabichi wakutchire, za masamba okhuthala otuwa, zimene ankati zimasunga madzi ngati dolofiya yemwe. Anandionetsa maluwa abuluu odzaza njuchi. Anandiphunzitsa kutembenuza thabwa ndi phazi osati ndi dzanja, ndipo pansi pa thabwa lina lovunda tinapeza kabuluzi kofiirira. Kanaima kanthawi, pakhosi pake pakugunda, kenako kanalowa m'miyala. Patsogolo pake, pafupi ndi bwato lina, panaima nkhandwe yowonda ikutiyang'ana mopanda mantha. Inali yofanana ndendende ndi zimene zinkang'amba mapepala a zinyalala ku Ilford, koma adadi anati iyi ndi ya m'chipululu, ndipo ine ndinavomera chifukwa ndinkafuna kuvomera.

Kenako anapita kugalimoto n'kubwera ndi mphika uja. Anafukula miyala ndi manja, anaukwirira mpaka kukamwa kwake, n'kuchotsa nyuzipepala, imene mphepo inailandira nthawi yomweyo. Dolofiya anaima yekha pakati pa miyala ngati wamera pomwepo. "Nayu kakitasi wako m'chipululu," anatero adadi, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutchula dzina la kusukulu. Anaitana Ulemu kuti atijambule. Pachithunzicho ine ndanjuta pafupi ndi minga, mano onse ali pamtunda, adadi ali kumbuyo kwanga atandigwira kolala. Ndinali wosangalala, sindibisa. Ndinali ndisanakhalepo ndi adadi nthawi yaitali chonchi iwo osayang'ana foni. N'chifukwa chake masana amenewo amandiwawa kuposa china chilichonse cha chaka chimenecho.

Tinadyera kuseri kwa bwato pothawa mphepo. Amami anayala chitenje n'kukanikiza makona ake ndi miyala. Anagwada pamiyalapo ndi diresi lawo labwino, anathira madzi a m'botolo m'manja mwa adadi kuti asambe, n'kuwagawira iwo poyamba, ntchafu ndi nthutumba. Ulemu anakana kudya. Ankangotola timiyala n'kumagenda mbalame za kunyanja zimene zinkatizungulira zikufuna mpunga.

Tikumaliza tiyi, galimoto yofiira inabwera n'kuima patali ndithu ndi yathu. Munali mayi mmodzi, ndipo sanatuluke. Adadi anapukuta m'manja, anaimirira, n'kukatsegula buti. Anayamba kusamutsira katundu wawo kugalimoto yofiirayo, ine n'kumaganiza kuti mwina ndi munthu wa kuhotela kumene tikagone. Chikwama chomaliza, cha mizeremizere chija, amami anachinyamula okha. Anatiitana ine ndi Ulemu, ndipo tinayenda anayi pamiyala, amami akucheza ndi adadi mwaulemu, kuwakumbutsa kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi ali m'thumba la m'mbali. Pakatikati pa magalimoto awiriwo amami anaima. Anaika chikwama pansi, pamapazi pa adadi.

"Ife tibwerera pano. Muyende bwino, bambo."

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Anali a pakona paja, pasitolo ya ndiwo zamasamba, ndipo ndinkadziwa chimene chimatsatira: amami akubwerera, manja ali kumbuyo, mlendo atapita kwawo. Ndinayang'ana Ulemu. Anandiuza theka lija limene anasunga. "Woperekeza amabwerera, Zione. Wopita ndi amene amapita."

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinathamangira kumene kunatsala dolofiya. Nzeru zanga zinali zakuti adadi akhoza kuchoka popanda jekete, popanda suti, koma popanda dolofiya sangachoke. Ndinafukula mphikawo n'kukumbatira chomera chonsecho ndi manja awiri, chili pachifuwa. Poyamba sindinamve kupweteka kulikonse. Adadi anabwera, anagwada, anatambasula manja kuti ndiwapatse, ine n'kubwerera m'mbuyo. Ndinawauza m'Chingerezi kuti ngati akumufuna akamutengere kunyumba, pawindo pake. Anandiyang'ana, anayang'ana dolofiya, kenako anacheukira kugalimoto yofiira.

"Basi, usunge," anatero.

Anandipsompsona pachipumi atatalikitsa thupi lawo kuti minga isawagwire malaya, ananyamula chikwama chawo, n'kumapita. Juzi yawo ndinali nditavalabe, ndipo sanaifunse. Madzi onse aja a Lamlungu m'mawa anathera pa mawu awiri.

Pobwerera Ulemu anakhala kutsogolo, pampando wa adadi. Ine ndinali kumbuyo, mphika uli pansi, manja nditawatukula m'mwamba chifukwa anali atayamba kutentha ngati ndawaviika mu tsabola. Amami sanalire. Anaima pamalo omwetsera mafuta, anatulutsa pulasitala m'chikwama chawo cha kuntchito, n'kumamata m'zikhatho mwanga ndi kumatula, kumata ndi kumatula. Minga yambiri inachoka, koma yambirinso inatsala. Titafika ku Ilford ananyamula okha mphika uja kukwera nawo masitepe n'kuubwezera pawindo.

Holide yotsalayo inathera pawindo lomwelo. Amami akaweruka, asanavule n'komwe yunifomu, ankandikhazika pampando, kutukulira dzanja langa kudzuwa, n'kumafufuza minga ndi kachitsulo kozulira nsidze. Minga ya dolofiya siioneka ukaiyang'ana molunjika, umaimva ukagwira supuni kapena ukavala malaya. M'mikono munatuluka timatuza toyabwa, ndipo ndinkagona manja ali kunja kwa bulangete. Pansi anyamata ankakazinga nkhuku monga mwa masiku onse, mabasi ankadutsa, sofa inali yopanda munthu. Tsiku lina ndinawauza amami, m'Chingerezi, kuti anandinamiza. Anayankha kuti iwo ananena kuti tikuwaperekeza, ndipo tinawaperekeza. Ndinati amene amaperekezedwa ndi mlendo, koma adadi si mlendo.

"Mlendo ndi mame, mwanawe," anatero amami, osatukula mutu. "Tandipatsa dzanja linalo."

Sukulu itatsegulira aphunzitsi atsopano anatiuza kuti aliyense afotokoze za holide yake. Anzanga anali asanaiwale za chipululu changa, ndiye ndinalibe kothawira. Ndinabweretsa chithunzi chija. Chinayenda m'manja mwa anthu mpaka chinafika kwa mnyamata wina wamaso akuthwa, amene anaona m'mphepete mwa mphika mukusuzumira pakati pa miyala. Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi anafuna kundipulumutsa, ndipo anati malowo ndi osangalatsa kwambiri, ngakhale kuti si chipululu chenicheni chifukwa kumagwa mvula yambiri, anthu amangokutcha choncho. Ndinakhala pansi n'kuika manja anga oyabwa pansi pa desiki.

Adadi ankabwera kudzationa mwa apo ndi apo. Ankagogoda pachitseko chimene kale anali ndi kiyi wake, ankakhala pampando wa alendo, ndipo amami ankawapatsa tiyi m'makapu a maluwa amene ankatuluka pakabwera abusa. Ankasuzumira kukhitchini n'kunena kuti dolofiya akukula bwino. Pochoka amami ankavala masilipasi n'kuwaperekeza mpaka pakona. Ine sindinkatsika nawo.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chimene amami anachita pamiyala paja. Ndili mwana ndinkaona mayi wogwada akuthirira madzi mwamuna amene akumusiya, ndipo ndinkachita nawo manyazi. Nditakula ndinazindikira kuti madzi aja, nthutumba ija, chikwama chija, zonsezo ndi zimene amachitira mlendo. Anawatcha bambo basi, osatinso bambo a Ulemu. Sanatukwane, sanataye zovala pawindo, anangowalanda nyumba mwaulemu, mayi wa galimoto yofiira akuonerera. Ndimawapatsa ulemu pa zimenezo. Koma sindinawakhululukire zonse, iwo kapena adadi kapena Ulemu. Anthu atatu amene ankadziwa Chichewa anakhala nane m'galimoto kuchokera ku Ilford mpaka kunyanja, akundimva ndikuseka, ndipo panalibe mmodzi amene anaona kuti n'koyenera kundimasulira mawu amodzi. Amami anapeza ulemu wawo, adadi anapeza chithunzi cha mwana wosekerera, minga n'kupita m'manja mwanga.

Dolofiya alipobe. Ali pawindo la kukhitchini kwanga ku Lewisham, wakula mpaka wapendekera galasi, ndipo sanaberekepo chipatso. Ndimamuthirira ndikakumbukira, ndipo fungo lija limatulukabe.

Adadi anamwalira nyengo yozizira yapitayi, konko ku Kent. M'bale wawo wina anandiimbira foni n'kunena kuti tibwere tidzawaperekeze bambo athu, pakuti mawu omwewo ndi amene timagwiritsa ntchito pamaliro. Ndinayendetsa ndine, amami ali pambali panga atavala duku, Ulemu ali kumbuyo. Tinawolokanso mlatho wa ku Dartford. Kutchalitchi ndinalowa, nyimbo ndinaimba, ndipo ndinayenda ndi gulu kutsatira bokosi mpaka pageti la manda. Pamenepo ndinaima. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkadziwa kuti kuperekeza ndi kupita naye limodzi munthu, ndipo ndikanawatsatira adadi kulikonse, minga ili m'manja. Tsopano ndimadziwa theka linalo, kuti woperekeza ndi amene amasankha pobwerera. Ulemu anacheuka n'kundikodola kuti ndifulumire. Ndinamupatsa nkhata ya maluwa imene ndinanyamula.

"Ine ndibwerera pano," ndinatero, ndipo ndinakawadikira kugalimoto.